Ndani Amalipira Sewero? Moyo wa Du Chisiza Ndi Funso Limene Ndinalephera Kuyankha

Loweruka lililonse masana timakumana ku Mukuni Park, ine ndi ana anga a kalabu ya drama. Holo ya kusukulu kwathu Loweruka imakhala ndi eni ake ena amene amalipira lendi, ndiye ife osalipira kanthu tinasamukira pansi pa mitengo. Si malo oipa. Cha kumsewu wa Mosi-oa-Tunya kuli mzere wa timashopu ta ziboliboli, ndipo amalonda aja, azungu akakhala kuti sanabwere, amatembenuza mipando yawo n'kumationerera. Pamene pali poseketsa amaseka. Tikatalikitsa nkhani amabwerera ku ntchito yawo yopukuta mvuu zamtengo ndi polishi, osanena kanthu. Sindinapezepo oweruza masewero oona mtima kuposa iwowa.

Mwezi watha kunabwera bambo wina wovala bwino. Anaima kwa kanthawi kutionerera, kenako anandiitanira pambali. Bwana wake akufuna kudzaima pa chisankho, ndipo akufuna kasewero kakafupi pa msonkhano wa m'komboni. Ana aonetse mavuto a madzi ndi ngalande, kumapeto kutulukire munthu wodzathetsa zonse, atavala mtundu wa chipani. Ndalama imene anatchula inali yokwana kulipira basi yopita ku mpikisano wa NASAAZ ndi kubwerera, n'kutsalako ya zovala. Ndinakana. Ana anamva zonse, chifukwa ana a drama makutu awo ndi aatali. Mtsikana wina wa Giledi 11 wa ku Libuyu, amene ndi katswiri kuposa onse m'gululi, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ba ticha, si ndimwe munatiuza kuti drama ni nchito monga nchito zina? Manje nchito yabwera, mwaikana."

Ndinamuyankha za malamulo a sukulu, kuti ana a sukulu sapita ku misonkhano ya zipani. Ndi zoona, koma iye sanafunse za malamulo. Funso lake ndakhala nalo milungu inayi, ndipo nthawi zonse likunditengera kwa munthu mmodzi wa ku Malawi, Dunduzu Chisiza Junior, amene anthu akwawo amangomutcha Du. Iye ndiye anaonetsa poyera kuti sewero lingadyetse munthu m'maiko athu ano. Iyenso ndiye anaonetsa chimene chimachitika wolipira sewerolo akasintha.

Du anabadwa pa 26 March 1963, bambo ake atamwalira kale. Dunduzu Chisiza wamkulu anali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, munthu wophunzira amene analemba za tsogolo la Africa ufulu usanabwere, ndipo ambiri ankamuona ngati mmodzi wa anthu ochepa amene akanatha kuyankhana ndi Dr Kamuzu Banda. Anafa mu September 1962 galimoto yake itapezeka itagwa pafupi ndi mlatho wa Thondwe, pa msewu wa Zomba. Boma linati inali ngozi. Anthu ambiri sanakhutire, ndipo mpaka lero nkhaniyo imanong'onedwabe. Mbale wa bambo akewo, Yatuta Chisiza, anali nduna m'boma loyamba la Malawi, anathawa pa mkangano wa nduna wa 1964, ndipo mu October 1967 anabwerera ndi kagulu ka anthu a mfuti n'kuphedwa ndi asilikali cha ku Mwanza. Choncho mwana uyu anakula ndi dzina lolemera mbali ziwiri. Bambo ake anali womenyera ufulu wotchuka, koma mbale wawo boma linkamutcha chigawenga, ndipo dzina lake silinkatchulidwa pagulu.

Muzikumbukira zimenezi mukamamva mitu ya masewero ake. Sewero limene linamutchukitsa ali pa sekondale ya Henry Henderson Institute ku Blantyre, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, linali The Deceased's Attack, ndipo linapambana pa mpikisano wa masewero wa masukulu a dziko lonse. Mnyamata amene sanaonepo nkhope ya bambo ake akutcha sewero lake dzina lonena za wakufa amene wabwera kudzaukira amoyo. Palibe Mmalawi amene ankafunika kumufotokozera. Sewero lina analitcha Tatuya Futi. Tengani pensulo musinthanitse zilembo za Tatuya, mupeza Yatuta. Mawu akuti futi sindikufunika kukumasulirani inu a ku Maramba ndi ku Dambwa, timawanena tsiku lililonse. Linanso ndi Papa's Empire, limene linaonetsedwa a Banda akadali pampando, m'dziko limene mtsogoleri ankatchedwa tate wa fuko ndiponso anali mwini kampani ya Press, imene inali ndi dzanja m'fodya, m'masitolo ndi m'mabanki.

Luso lake loyamba linali pamenepa, ndipo linabadwa chifukwa cha chitseko chotseka. Kuyambira 1968 Malawi anali ndi lamulo lakuti sewero lililonse lionetsedwe kaye ku bungwe la Censorship Board lisanafike kwa anthu. Akuluakulu a bungweli ankawerenga pepala, kudula zimene sanazikonde, kapena kuletsa sewero lonse. Koma pepala limangonyamula mawu. Silinyamula kakhosomole, kapena mmene munthu wagwirira litchowa, kapena kachetechete kamene wosewera wasiya asanatchule mawu akuti "bambo". Olemba masewero a nthawi imeneyo anaphunzira kuika nkhani yeniyeni m'malo amene cholembera chofiira sichifika, ndipo Du anali ndi mwayi woposa anzake, chifukwa iye yemweyo ndiye ankalemba, ankatsogolera, n'kukweranso pa siteji. Zimene sanathe kulemba ankazisunga m'thupi mwake mpaka tsiku la sewero. Ana anga ndimawauza kawirikawiri kuti asamanene zonse ndi pakamwa, koma iwo anakula m'nthawi imene munthu angalembe chilichonse pa Facebook, ndiye sewero lawo limafuna kufuula uthenga wonse mphindi yoyamba. Ufulu wolankhula ndi wabwino, sindikuukana. Ndikungoti unatichotsera mphunzitsi mmodzi wankhanza amene ankaphunzitsa kusinjirira.

Atamaliza sukulu anapita ku Philadelphia, ku United States, kukaphunzira za masewero, ndipo anabwerera mu 1987 n'kukhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Chaka chimenecho muchiike m'mutu. Mu September 1987 yemweyo wolemba ndakatulo Jack Mapanje anamangidwa popanda mlandu, n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu May 1983, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Mwana wa munthu amene anafa pa "ngozi ya galimoto" ina akanatha kungokhala ku America. Anabwerera, ndipo anabwerera kudzachita chinthu chimene chinkaoneka ngati misala: kudya kuchokera ku sewero.

Wakhumbata imatchedwa kampani yoyamba ya masewero ku Malawi imene anthu ake ankaiona ngati ntchito yeniyeni. Izi zisanachitike, masewero a Chingelezi ankakhala m'manja mwa masukulu ndi yunivesite. Mphunzitsi ankatsogolera sewero ataweruka, wophunzira ankasewera mpaka tsiku lolandira digiri, kenako aliyense n'kukafuna ntchito ya ofesi. Kuno kwathu zinalinso chimodzimodzi. Chikwakwa Theatre, imene Michael Etherton ndi ophunzira a ku UNZA anayambitsa cha m'ma 1969, inatenga masewero kupita nawo kumidzi m'zilankhulo za anthu, ndipo kumeneko ndi kumene Kabwe Kasoma anaonetsa Black Mamba, sewero lonena za a Kaunda ndi nkhondo ya ufulu. Inali ntchito yaikulu ndipo ndimaivulira chipewa. Koma kumbuyo kwake kunali yunivesite. Du analibe yunivesite kumbuyo. Anali ndi tebulo pa khomo la holo, munthu wodula matikiti, ndi anthu amene asankha kuti ndalama yawo ya Lamulungu masana ipite ku sewero m'malo mwa mpira kapena mowa. Ku French Cultural Centre ku Blantyre, ndi m'maholo a matauni ena amene gululi linkayendera, anthu ankabwera. Analemba masewero opitirira 20, ndipo anathandiza kulemba ndi kutsogolera enanso ambiri. Munthu salemba chotero chifukwa cha mzimu wokha. Amalemba chifukwa anthu amene anaonera sewero la mwezi watha sangalipirenso kuonera lomwelo.

Kwa ine tebulo la pa khomo lija ndilo chinthu chachikulu chimene Du anapanga, kuposa sewero lililonse. Munthu amene amalipidwa ndi anthu mazana atatu, aliyense pang'onopang'ono, alibe bwana mmodzi woti amuope. Mmodzi akakwiya, enawo abweranso. Chimene anthu aja ankagula ndicho kumva zinthu zimene sakanatha kuzinena okha m'basi kapena ku ofesi, ndiye kuti msika womwewo unkamukankhira ku kulimba mtima. Akanayamba kuyamika boma pa siteji, holo ikanakhala yopanda anthu, chifukwa nyimbo zoyamika zinali zaulere pa wailesi ya MBC tsiku lonse.

Sindikufuna kumupaka mafuta ambiri. Tikiti ilinso ndi zofuna zake. Amalonda a ku Mukuni Park amadziwa zimenezi kuposa ine. Pakati pawo pali amisiri amene angaseme nkhope ya agogo awo mpaka inu kulira, koma pa shelefu pamakhala njovu, mvuu ndi nyamalikiti, chifukwa ndi zimene mlendo wochokera ku mathithi amagula. Du nayenso anali ndi ogula ake, ndipo ogulawo anali anthu a m'tauni opita kusukulu. Masewero ake otchuka anali m'Chingelezi. Si zodabwitsa, chifukwa mpikisano umene unamulera unali wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingelezi, ndipo cholinga chake chinali chakuti ana azilankhula bwino chilankhulocho. Koma zotsatira zake n'zakuti mayi wogulitsa tomato ku Ndirande, amene ulamuliro wa chipani chimodzi unkamukakamiza kugula khadi asanalowe mumsika, sanali mlendo woyembekezeka pa sewero lonena za mavuto ake omwe. Amene ankalankhula naye anali a Kwathu Drama Group, ndi John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, amene ankaseketsa dziko lonse m'Chichewa. Ophunzira ambiri amaika Du pamwamba n'kuika a Kwathu pansi ngati anthu a nthabwala chabe. Ine sindigwirizana nazo. Ndikuganizanso kuti Chingelezi chinamuteteza. Boma lopondereza limaopa kwambiri mawu amene aliyense angawamve, ndipo limatha kulekerera mawu amene akumveka kwa anthu ochepa ovala mataye.

Tsopano tifike pamene pamavuta. Pa 8 March 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma imene inawerengedwa m'matchalitchi. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha zipani zambiri. Chimene masewero a Du ankanong'ona kwa zaka zisanu tsopano chinkanenedwa mumsewu masana. Iye analemba Democracy Boulevard. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1993 anavomera kukhala nduna ya achinyamata, zamasewero ndi chikhalidwe m'boma la a Banda, m'chipani cha MCP.

Ana anga nditawauza zimenezi anaseka, akuganiza kuti ndikuwanamiza. Mwana wa Dunduzu, mwana wa m'banja la Yatuta, mlembi wa Papa's Empire, kukakhala pa tebulo la Papa yemweyo, nthawi imene aliyense ankathawa m'nyumbamo. Pali njira zomukhululukira, ndipo ndaziyesa zonse. MCP chinali chipani chimene bambo ake anathandiza kumanga, ndipo mwana angaone ngati akubwerera ku cholowa chake. Unduna wa chikhalidwe ndi malo amene munthu wa masewero angaganize kuti akonzerako zinthu anzake. Anali ndi zaka 30 zokha. Zonsezi ndikuzimva. Koma monga munthu woonera masewero, chimene ndikuona n'chakuti luso lake lonse linatsamira pa pangano limodzi ndi anthu a m'holo: ine ndinena mozungulira, inu mumva molunjika, ndipo tonse tikudziwa mbali imene ndaima. Tsiku limene analumbira kukhala nduna, mbali ija sinadziwikenso. Kachetechete kaja asanatchule "bambo" kakanatha kutanthauza mnyozo, kakanathanso kutanthauza ulemu. Sewero lozungulira limafuna kuti omvera azimukhulupirira wozungulirayo.

Undunawo sunakhalitse. Pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi ndi UDF anapambana, MCP inatuluka m'boma, ndipo Du anabwerera ku siteji n'kupitiriza kulemba. Anthu anabweranso kudzamuonera, chifukwa luso silithawa munthu. Kenako cha m'ma 1998 analowa UDF, chipani cholamula cha nthawiyo, akukonzekera kudzaima ngati phungu kwawo ku Karonga. Sanafike pa chisankhocho. Anamwalira pa 24 February 1999 ali ndi zaka 35. Ndine wamkulu pang'ono kuposa pamenepo, ndipo ndikayerekeza zimene ndachita ine ndi zimene anachita iye, dzanja loweruza limalemera. Komabe kawiri konse analowera kumene kunali mphamvu, ndipo sindingathe kunamizira kuti sindikuona.

Cholakwika china chinaoneka iye atapita. Kampani imene mlembi, wotsogolera, katswiri wa pa siteji ndi mwini chuma ali munthu mmodzi imakhala ngati nyumba ya mzati umodzi. Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'manja mwake ndipo anali wolemba ndi wosewera wamphamvu payekha, anatsogolera Wakhumbata kwa kanthawi, kenako anachoka n'kuyambitsa Wanna-Do Ensemble Theatre, mpaka imfa yake mu 2006. Wakhumbata sinabwererenso pamene inali. Koma magazi aja sanazizire. Mu December 2011 mwana wake Thlupego Chisiza anamangidwa ndi apolisi ku Blantyre chifukwa cha sewero la Semo, lodzudzula boma la a Bingu wa Mutharika, pa mlandu woti silinavomerezedwe ndi Censorship Board. Lamulo lake linali lomwe lija la 1968.

Ndibwerere kwa mtsikana wa ku Libuyu. Zoona zake n'zakuti masewero ambiri amene achinyamata amalipidwa kuno kwathu ndi a uthenga wa munthu wina. Bungwe likufuna kuti anthu azisamba m'manja nthawi ya kolera, kapena akayezetse magazi, limaitana gulu la drama, limapereka mfundo zisanu, ana amaimba ng'oma pamsika n'kusewera mfundozo. Sindinyoza ntchito imeneyi, yapulumutsa anthu, ndipo inenso ndinadyapo ndili wophunzira. Koma mwana amene wakula akusewera mfundo za ena amafika zaka 25 asanadzifunsepo chimene iye mwini akufuna kunena. Bambo wa suti uja sanabweretse chachilendo. Anangobweretsa mfundo zisanu za mtundu wina, ndipo n'chifukwa chake ana sanaone vuto.

Ndiyeneranso kuvomera mbali yanga. Ndinakana msanga chotero osati chifukwa ndinakumbukira Du, koma chifukwa ndine mphunzitsi wa boma ndipo ndinaona ntchito yanga ikulendewera. Inenso pakamwa panga pali mwini wake amene amandilipira pa mapeto a mwezi. Sewero limene tikukonzekera mpikisano likunena za mtsikana wosiya sukulu, ndipo muli malo awiri amene ndinafewetsa ndekha, popanda wondiuza, poganizira amene adzakhale pa mpando wakutsogolo. Palibe Censorship Board imene inandiitana. Ndikamaweruza munthu amene analemba Tatuya Futi ndi dzina lake lenileni pa chikwangwani, ndizikumbukira malo awiri amenewo.

Loweruka lotsatira ndinawafotokozera ana zonsezi, mosalongosoka ngati mmene ndalembera pano, ndipo ndinawapempha kuti tiyese njira ya tebulo pa khomo. Tinapempha kalasi imodzi Lachisanu madzulo, tinachotsa madesiki, tinalemba matikiti pa mapepala odula m'kope, K5 munthu mmodzi. Malo awiri aja ndinawabwezera mmene analili poyamba. Kunabwera makolo, ana a makalasi ena, ndi amalonda atatu a ku Mukuni Park amene anati akufuna kuona mathero, popeza pansi pa mitengo timangobwereza pakati. Pa malo oyamba mwa awiri aja m'kalasimo munakhala zii, ndipo mayi wina kumbuyo anati "eya" mokweza. Mtsikana wa ku Libuyu anaumva "eya" ameneyo, ndinamuona akuchedwetsa mzere wotsatira kuti mawuwo akhazikike, chinthu chimene sindinamuphunzitsepo.

Titawerenga ndalama, sinakwane ngakhale theka la basi. Iye ndiye ankawerenga. Anaika makobiri m'thumba la shuga, analimanga, n'kundipatsa. "Ba ticha," anatero, "uja Du wanu, pamene anali minister, anali kuyenda na motoka ya boma, si so?" Ndinati inde, mosakayika. Anagwedeza mutu, sananene kuti akuganiza chiyani, ndipo anafunsa ngati kalasi ija ingapezekenso Lachisanu likubwerali.